Kusankha penti wobiriwira woyenderana ndi pepala lapakhoma la maluwa

Ambiri amalakwitsa pomwepa: amang'amba kachidutswa ka pepala lapakhoma, n'kupita nako kusitolo ya penti, n'kuloza tsamba lobiriwira kwambiri lomwe lili pakachidutswako, amvekere "ndisakanizireni wotere". Makina amasakaniza ndithu, mtundu n'kutuluka ndendende. Koma akamaliza kupaka makoma atatu otsala pambali pa khoma la pepalalo, chipinda chimathobwa m'maso, ndipo pepala lomwe analigula modula lija limaoneka lofooka ngati chitenje chochapidwachapidwa. Chifukwa chake n'chakuti mtundu umakula mphamvu malo akamakula. Kubiriwira komwe kukukoma pakatsamba kofanana ndi chala chachikulu kumakhala kwaukali kukafika pakhoma la mamita anayi. Ntchito yanu tsono si kupeza penti wofanana ndi tsambalo, koma penti amene angalole pepalalo kuti lioneke. Ndipo zimenezi zimagamulidwa m'chipinda momwemo, osati pakauntala.

Yambani ndi pepala, penti abwere pambuyo

Penti angathe kusakanizidwa m'mitundu yosawerengeka, pamene pepala lomwe mwalikonda lili ndi mitundu yake yokhayo basi. Choncho gulani pepala kaye, kapena mupemphe chidutswa chachikulu chokwana chithunzi chonse chisanayambe kubwereza. Musadalire chithunzi cha pafoni: foni iliyonse imaonetsa kubiriwira mwa njira yakeyake. Ngati mwagula kale, onani kuti mipukutu yonse ili ndi nambala imodzi ya gulu lomwe inasindikizidwira, chifukwa mipukutu yosindikizidwa masiku osiyana imasiyanako mtundu pang'ono, ndipo penti muyenera kumuyesa ndi gulu lomwe likamatidwe kukhomalo.

Pachikani chidutswacho pakhoma lenileni lomwe chidzakhale, mochiimika, osati kuchigoneka patebulo. Kuwala kumagwera mosiyana pachinthu chogona ndi choima. Kenaka bwererani m'mbuyo mamita atatu kapena kufika pakhomo, mutsinzine pang'ono mpaka maluwa ndi masamba zisiye kuoneka pazokha. Chotsalacho ndiye mtundu weniweni wa pepalalo monga mmene munthu wolowa m'chipinda adzaulandirire. Nthawi zambiri mudzadabwa: pepala lomwe pafupi limaoneka lobiriwira, patali limakhala lotuwa, lachikasu, mwinanso lakuda.

Mukatero senderani pafupi muwerenge mitundu. Pali mtundu wapansi pomwe zonse zajambulidwa, pali mtundu womwe wachuluka pa zojambulazo, ndiye pali timitundu tongowazamo, monga kadontho kofiira pakati pa duwa kapena kamzere kagolide. Masamba enieniwo kawirikawiri amakhala ndi kubiriwira kuwiri kapena kutatu: kowala komwe kuli pamwamba pa tsamba, kwapakati, ndi kwamthunzi komwe kuli m'mitsempha ndi m'mphepete. Diso limathamangira kowala kuja. Penti wabwino amachokera ku kwapakati kapena kwamthunzi.

Kubiriwira kumapendekera mbali

Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo ndi pomwe muyenera kuthera nthawi. Mawu akuti "girini" amabisa zambiri. Taonani tsamba lanthete la nthochi, tsamba la bulugama, ndi tsamba la kabichi. Onse ndi obiriwira, koma la nthochi lapendekera kuchikasu, la bulugama lapendekera kotuwa, la kabichi lili ndi kabuluu. Penti nayenso ali choncho. Pali gulu lachikasu, lofanana ndi mkati mwa peyala kapena nsonga za tiyi wa ku Thyolo. Pali gulu labuluu, lofanana ndi botolo lagalasi lobiriwira kapena madzi akuya. Pali gulu lotuwa, longa bulugama uja kapena ndere zouma pamwala.

Lamulo lake ndi losavuta: penti apendekere komwe kwapendekera pepala. Masamba apapepala akakhala a gulu lachikasu inu n'kupaka girini wabuluu, masambawo amaoneka ofota ngati agwidwa ndi chilala, ndipo pentiyo amaoneka wozizira ngati wa m'chipatala. Mukatembenuza, pepala labuluu ndi penti wachikasu, pentiyo amaoneka ngati wadetsedwa ndi utsi. Anthu amati mitunduyo "ikumenyana" osadziwa chifukwa chake, koma chifukwa chake n'chimenechi.

Kuti mudziwe komwe mtundu wapendekera, boolani kabowo ka masentimita awiri pakati pa pepala loyera la A4, mulisanjike pa tsamba lomwe mukufuna kuliona. Mitundu yoyandikana nayo ikabisika, diso limasiya kunyengedwa. Chitani chimodzimodzi ndi makadi a penti. Njira ina ndi kuika makadi atatu obiriwira pamodzi: khadi limodzi palokha silinena zambiri, koma likakhala pakati pa anzake mumaona msanga kuti ili n'lachikasu, ilo n'labuluu.

Makadi ena amakhala ndi nambala ya NCS, dongosolo lolembera mitundu m'manambala, ndipo mukaidziwa kawerengedwe kake mwapeza chida chabwino. Titenge S 3020-G30Y. Manambala awiri oyamba, 30, akunena kuchuluka kwa kuda komwe kuli mumtunduwo. Awiri otsatirawo, 20, akunena mphamvu ya mtundu. G30Y akutanthauza girini wokhala ndi magawo 30 pa 100 a chikasu. Mukaona G70Y dziwani kuti mwalowa kwambiri kuchikasu, pamene B90G ndi girini wokhala ndi kabuluu. Kwa khoma loyandikana ndi pepala la zojambula zambiri, manambala apakatiwo, onena mphamvu, akakhala 10 kapena 20 ndiye kuti muli pabwino. Akafika 40 kapena 50 ndiye penti uja wothobwa m'maso. Sitolo zina zimadziwanso manambala a RAL, dongosolo lina la mitundu, monga RAL 6021 yemwe ndi wofatsa, RAL 6003 wopendekera kuchikasu chodera, ndi RAL 6005 yemwe ndi girini wodera kwambiri ngati mthunzi wa m'nkhalango.

Mtundu wapansi wa pepala nawo uli ndi mawu. Ngati ndi woyera ngati mkaka kapena ngati minyanga ya njovu, umafuna girini wofunda, wa gulu lachikasu kapena lotuwa. Ngati ndi woyera mbee kapena wotuwa ngati phulusa, girini wabuluu amakhala bwino. Ngati pepala lilibe kubiriwira kulikonse, tinene kuti ndi la maluwa ofiirira ndi apinki okhaokha, kumbukirani kuti kufiira ndi kubiriwira zikayandikana chilichonse chimakweza chinzake. Pamenepo sankhani girini wotuwa kwambiri, apo ayi chipinda chidzaoneka ngati chakonzedwera Khirisimasi chaka chonse.

Woyererako kapena woderako

Mukapeza gulu, funso lotsatira ndi lakuti pentiyo akhale wodera motani. Kuseri kwa makadi ambiri kapena m'kabuku ka wopanga mumakhala nambala ya LRV, yoyambira pa 0 kufika pa 100, yonena kuchuluka kwa kuwala komwe mtunduwo umabweza. Penti woyera amakhala cha m'ma 80 kupita m'mwamba. Girini wofatsa wonga bulugama amakhala pakati pa 40 ndi 55. Girini wakuda wa m'nkhalango amatsika kufika pa 10 kapena kucheperapo.

Pali njira ziwiri zomwe zimayenda. Yoyamba ndi kulinganiza kudera kwa penti ndi kwa pepala monga lionekera mukatsinzina, kuti diso liyende kuchoka pakhoma lina kupita pa lina osapunthwa pakona. Njira imeneyi ndi yabwino kuchipinda chogona, ndiponso pepala likakhala ndi maluwa akuluakulu. Yachiwiri ndi kusiyanitsa poyera: pepala loyererako, makoma odera, kapena pepala lodera, makoma oyererako. Chomwe sichiyenda ndi kusiyana kwa pang'ono kosadziwika bwino, komwe kumaoneka ngati munafuna kufananitsa koma munaphonya. Mukafuna kuti zinthu ziwiri zioneke zosiyana mosakayikitsa, kusiyana kwa manambala 30 a LRV kumakwana; ndi muyezo womwe omanga a ku Britain amagwiritsa ntchito pofuna kuti anthu ovutika kuona athe kusiyanitsa chitseko ndi khoma.

Pali msampha wina pa pepala lodera. Anthu amaopa mdima, ndiye amapaka makoma atatu otsalawo girini woyera kwambiri, ngati madzi a mandimu. Khoma la pepala limasanduka ngati phanga, ndipo chipinda chimaoneka chofupika. Girini wapakati, wa LRV ya m'ma 25 mpaka 35, amagwira bwino ntchito kuposa pamenepo. Komanso kumbukirani kuti chipinda cha makoma odera chimafuna mababu owonjezera, ndipo magetsi akazima kandulo imodzi sikwana.

Kuwala kwa chipinda chanu

Malangizo ambiri a penti omwe amapezeka pa intaneti analembedwera ku Ulaya ndi ku America, komwe zenera loyang'ana kumpoto silipeza dzuwa. Kuno kummwera kwa equator n'zotembenuka. Ku Lilongwe, mwachitsanzo, dzuwa la masana limakhala chakumpoto kuyambira pakati pa Febuluwale mpaka kumapeto kwa Okutobala, ndipo limapendekera kummwera miyezi yochepa yokha ya dzinja. Ku Johannesburg limakhala kumpoto chaka chonse. Tsono mukawerenga zakuti "chipinda choyang'ana kumpoto chimazizira", kwa inu zikunena chipinda choyang'ana kummwera. Amene ali ku London kapena ku Manchester atsate monga zalembedwera.

Chipinda chosalowa dzuwa chimalandira kuwala kochokera kuthambo, komwe kuli ndi kabuluu. M'menemo girini wotuwa amasanduka wotuwa basi, ndipo wabuluu amazizira kwambiri; sankhani wokhala ndi chikasu chochulukirapo pang'ono kuposa mmene mukuganizira. Chipinda cholowa dzuwa lambiri chimasukulutsa mitundu yofatsa masana, kotero mutha kutsikako sitepe imodzi kulowa koderako. Zenera la kumadzulo limabweretsa kuwala kofiirira madzulo, komwe kumachititsa girini wachikasu kuoneka ngati khaki.

Zomwe zazungulira nyumba zimalowanso m'chipinda. Mtengo wa mango womwe uli pazenera umathira kubiriwira kwake pakhoma, penti wofatsa n'kuoneka waukali. Pansi pa simenti popakidwa polishi wofiira pamabweza kuwala kofiira kumunsi kwa khoma, girini n'kuoneka woderako ngati wathimbirira. Chimodzimodzi mpanda wa njerwa zootcha womwe wayandikira zenera. Zimenezi simungazidziwire m'sitolo.

Ndiye pali mababu. Pabokosi la babu la LED pamalembedwa nambala yothera ndi K. La 2700K kapena 3000K limawala mwachikasu, la 4000K lili pakati, la 6500K limawala moyera mwabuluu, ndipo lomalizali ndi lomwe lili m'nyumba zambiri. Pansi pa babu la 6500K girini wotuwa amafa, pamene pansi pa babu la 2700K girini wabuluu amataya kuwala kwake. Choipa kwambiri n'chakuti inki ya papepala ndi utoto wa m'penti zimapangidwa ndi zinthu zosiyana, motero ziwirizi zitha kufanana ndendende masana koma n'kusiyana usiku babu likayaka. Ikani kaye mababu omwe adzakhale m'chipindamo musanayese penti, onse a nambala imodzi. Ngati pabokosi palembedwa CRI, nambala yonena mmene babu limaonetsera mitundu, tengani la 90 kupita m'mwamba. Limaonetsa mitundu mokhulupirika kuposa la 80.

Kuyesa

Kuchokera pamakadi, sankhani mitundu itatu kapena inayi, osapitirira. Umodzi ukhale womwe mtima wanu wakonda, wina wotuwirapo pang'ono, wina woderapo pang'ono. Gulani timazitini toyesera, kapena lita imodzi ngati sitoloyo ilibe tating'ono. Ndalama imeneyi imawawa, koma siifika pa mtengo wa ndowa ya malita 20 yomwe simungaibweze, popeza penti wosakaniza kale sabwezedwa.

Musapake pakhoma penipeni. Penti wakale yemwe wazungulira chigambacho amanyenga diso, ndipo zigambazo zimadzaonekera pansi pa penti watsopano. Pezani makatoni oyera olimba kapena zidutswa za bolodi la siling'i, chilichonse cha masentimita 50 mbali zonse, mupake kawiri mpaka m'mphepete osasiya malire oyera. Lembani dzina ndi nambala kuseri. Dikirani tsiku lathunthu: penti wamadzi amadera akamauma, ndipo mtundu womwe mumauona ali wauwisi si womwe mudzakhale nawo.

Imikani bolodi limodzi pakona, moligundanitsa ndi chidutswa cha pepala chija monga mmene makoma awiriwo adzakumanirane. Limodzi panthawi imodzi. Mukawandandalika onse mudzayamba kuyerekeza penti ndi penti mnzake m'malo moyerekeza penti ndi pepala. Onani mmawa cha m'ma 8 koloko, masana, madzulo dzuwa likupendeka, ndi usiku mababu atayaka. Lisunthireni kukhoma loyang'anizana ndi zenera, kenaka kukhoma lomwe lili ndi zeneralo, lomwe limakhala lamdima kuposa onse. Litsitseni pansi pafupi ndi polishi, mulikwezenso pafupi ndi siling'i. Bweretsani khushoni ya sofa ndi nsalu ya makatani. Masiku awiri amakwana.

Poyang'anapo dzifunseni chinthu chimodzi: mukalowa pakhomo, diso likuyamba kugwera pati? Likagwera papepala, pentiyo ndi woyenera. Likagwera pabolodi, pentiyo ndi waukali, tsikirani kotuwa. Onaninso mtundu wapansi wa pepala: ukayamba kuoneka wakuda ngati wagwira fumbi pamene bolodi lili pafupi, ndiye kuti penti ndi woyera mopitirira kapena wapendekera mbali ina.

Ena amapempha wosakaniza kuti athire theka kapena magawo atatu mwa anayi a utoto wa mtundu womwe aukonda, kuti ufatse. Zimatheka, koma mtundu suyera mowongoka. Nthawi zina umatuluka wachikasu kuposa woyamba uja. Mukachita zimenezo muyesenso pabolodi. Ndipo musalole mmisiri kuti awongolere mtundu pamalo pomwepo ndi kabotolo ka utoto wakuda kapena wachikasu. Penti akadzatha pakati pa khoma, palibe amene adzaubwereze mtunduwo.

Kunyezimira, mafelemu ndi siling'i

Mapepala ambiri sanyezimira, choncho penti wosanyezimira, wa matt, ndiye amagwirizana nawo, ndipo amabisa mabampu a pulasitala. Vuto lake ndi lakuti girini wodera wa matt amasunga zidindo za zala ndi fumbi lofiira la m'chilimwe, ndipo mukapukuta mwamphamvu pamatsala chigamba chowala. Pabalaza, m'kholido ndi m'chipinda cha ana tengani matt wochapika kapena wonyezimira pang'ono, wa eggshell. Wa silk, wonyezimira kuposa pamenepo, amaonetsa chilema chilichonse cha khoma, makamaka kuwala kukamachokera m'mbali. Mtundu womwewo umaonekanso woderapo ndi wamphamvu ukakhala wonyezimira, tsono penti woyesera anyezimire mofanana ndi yemwe mudzagule.

Za mafelemu a zitseko, sikating'i ndi siling'i, tengani kuyera kwake kuchokera pa mtundu woyera kwambiri womwe uli papepala. Siling'i yoyera mbee pamwamba pa pepala la mtundu wa mkaka imalichititsa kuoneka lakale.

Kuwerengera ndi kugula

Titenge chipinda cha mamita 4 m'litali, 3.5 m'lifupi, ndi 2.7 kutalika kwa khoma, pepala likupita pakhoma limodzi la mamita 4. Makoma otsala ndi 4 kuphatikiza 3.5 kuphatikiza 3.5, omwe ndi mamita 11; kuchulukitsa ndi 2.7 tikupeza masikweya mita 29.7. Chotsanipo chitseko, pafupifupi 1.9, ndi zenera la 1.5 kwa 1.2, lomwe ndi 1.8. Patsala 26. Kupaka kawiri ndi 52. Penti wamadzi amakwana masikweya mita 10 kapena 12 pa lita pakhoma losalala, ndipo pa pulasitala wokhakhala amachepera pamenepo. Onani zomwe zalembedwa pachitini. Tikatenga 10, pakufunika malita 5.2. Chitini cha malita 5 chikuperewera pang'ono, tsono gulani cha 5 ndi cha 1. Girini wodera kwambiri werengerani katatu, chifukwa amasakanizidwa m'penti wapansi yemwe alibe choyeretsa chambiri, motero sabisa msanga zomwe zili kunsi kwake.

Zitini zonse zisakanizidwe tsiku limodzi, pamakina amodzi, mu penti wa kampani imodzi. Nambala ya mtundu wa Plascon ikasakanizidwa mu penti wa Dulux, kapena motembenuza, imayandikira koma siifanana. Musanachoke m'sitolo tsegulitsani chitini, mudonthetse kadontho pa bolodi lanu loyesera lija, mukaumitse muone ngati kakusowa. Jambulani chizindikiro chomwe amata pachivundikiro. Kunyumba thirani zitini zonse m'ndowa imodzi yoyera mutakase bwino, kuti kusiyana kulikonse kwa chitini ndi chinzake kutheretu.

Khoma likonzeke

Girini wosankhidwa bwino amaonongeka ndi khoma losakonzeka. Pulasitala watsopano wa simenti aume masiku osachepera 28, ndipo nthawi ya mvula muonjezerepo. Simenti yosauma imakhala yaukali, imadya utoto, ndipo pakhoma lobiriwira zimaonekera msanga: zigamba zoyererako kapena zachikasu, ndi mchere woyera wotuluka ngati ufa. Poyesa chinyezi matani pulasitiki ya masentimita 40 mbali zonse pakhoma, mutseke m'mphepete monse ndi tepi, muisiye tsiku limodzi. Mukapeza thukuta mkati kapena khoma litada, musapake, musamatenso pepala. Likauma, yambani ndi pulaima, penti woyamba wokonza khoma, wa pulasitala wolimbana ndi ukali wa simenti.

Khoma lomwe linapakidwa laimu lipalidwe mpaka laimu yense achoke, kenaka lipakidwe pulaima womanga fumbi. Mukapaka pamwamba pa laimu, penti amasupuka ngati khungu la njoka. Pomwe panali penti wamafuta, monga kumunsi kwa makoma a nyumba zambiri zakale, kwechani ndi sandipepa kuti kunyezimira kuthe, mupake andakoti woyenera, penti wokhala kunsi kwa girini wanuyo. Penti wamafuta wakale atha kukhala ndi mtovu, choncho kwechani monyowetsa, mutavala chotchinga pamphuno, ana ali kutali. Ngati girini wanu ndi wodera, pemphani kuti pulaima kapena andakoti amuthire utoto akhale wotuwa. Mudzapulumutsa ulendo umodzi wopaka.

Kupaka ndi kumata

Dongosolo lake ndi ili: siling'i, makoma a penti, mafelemu ndi sikating'i, pepala pomalizira. Guluu wogwera pa penti wouma amachoka ndi siponji yonyowa, koma penti wogwera papepala sachoka. Pofika pakona yomwe penti akukumana ndi pepala, pitirizani penti masentimita atatu kulowa kukhoma la pepalalo. Makona a nyumba sakhala owongoka, ndipo pepala likaperewera pang'ono padzaoneke girini, osati mzere woyera. Pepala likakhala lodera, pakaninso timizere ta penti wodera pakhoma pomwe mapepala adzalumikizane, pa masentimita 53 aliwonse ngati mpukutu wanu ndi wa muyezo wofala uja wa masentimita 53 kwa mamita 10.05, chifukwa pepala limafupikako likamauma ndipo khoma loyera limasuzumira pampata.

Madzi musathire opitirira omwe alembedwa pachitini, kawirikawiri gawo limodzi mwa magawo khumi, ndipo paulendo woyamba pokha. Chizolowezi chosungunula penti kuti akwane nyumba yonse ndi chomwe chimabweretsa makoma amizeremizere, ndipo girini wosungunuka safika pa mtundu wa pabolodi lanu ngakhale mutapaka kanayi. Gwiritsani rola ya ubweya waufupi, wa mamilimita 9 mpaka 12, pakhoma losalala. Dulani m'mphepete ndi bulashi khoma limodzi, nthawi yomweyo mupake ndi rola m'mphepetemo musanaume, ndipo musapumire pakati pa khoma. Mukadula makoma onse kaye n'kudzapaka pambuyo, pamatsala chimango choderako kuzungulira khoma lililonse, chomwe pa girini chimaonekera patali. Pakati pa ulendo woyamba ndi wachiwiri dikirani maola omwe chitini chanena, nthawi zambiri awiri mpaka anayi, ndipo nthawi ya chinyezi muonjezere. Ulendo woyamba umaoneka woipa nthawi zonse, wamawangamawanga. Musaweruze mtundu pamenepo.

Penti apume masiku awiri kapena atatu musanayambe kumata pepala pafupi naye. Ngati pepala linamatidwa kale ndipo mukupenta pambuyo, tetezani m'mphepete mwake ndi tepi yosamata kwambiri, muyambe mwaiyesa pakachidutswa kotsala chifukwa tepi wamba imasupula inki, ndipo muichotse penti asanaumitsitse.

Zikapanda kutuluka bwino

Mwamaliza, koma girini akuoneka waukali. Musathamangire kusitolo. Chipinda chopanda katundu chimabweza mtundu wake wokha kuchoka pakhoma kupita pa linzake, motero chimaoneka chobiriwira kuposa mmene chidzakhalire mipando, makatani ndi kapeti zikalowa. Bwezeranimo katundu, mudikire sabata. Ngati vuto likuoneka usiku wokha, sinthani mababu, si penti. Ngati likuonekabe masana, ulendo umodzi wa mtundu wotuwirapo wa gulu lomwelo umakwana kukonza, popeza wapansiyo ndi m'bale wake.

Mizere yonata, yowala ngati mwadutsa nkhono, yomwe imatuluka pa girini wodera m'masabata oyamba, makamaka nthawi ya mvula kapena m'chipinda choyandikana ndi bafa, si penti woonongeka. Ndi zinthu zonga sopo za m'pentimo zomwe zakwera pamwamba chifukwa anauma mochedwa. Pukutani mofatsa ndi nsalu yofewa yoviika m'madzi ofunda, mutsegule mazenera. Musapakenso pamwamba pake zisanachoke. Zigamba zoyera za ufa kumunsi kwa khoma ndi nkhani ina: amenewo ndi madzi okwera kuchokera pansi kapena olowa kuchokera kunja, ndipo penti wina aliyense adzachita chimodzimodzi mpaka mutatseka komwe madziwo akuchokera.

Penti wotsala muthireni m'botolo laling'ono lotseka bwino kuti musakhale mpweya wambiri, mulembepo dzina la mtundu, nambala yake ndi chipinda, musunge pamthunzi pamodzi ndi chidutswa cha pepala ndi nambala ya gulu lake. Pokonza pokalika, donthezani ndi kabulashi kakang'ono pamalo pokhapo. Pakakhala papakulu kuposa chikhatho, pakani khoma lonselo kuchokera pakona kufika pakona, chifukwa girini yemwe wakhala chaka akuombedwa ndi dzuwa la pazenera safanananso ndi wa m'botolo.